Muchotse HttpOnly kuti test ipase? Ayi ndithu

Alongo ena aku Chelstone andilembera imelo kuti test yawo ya Selenium (chida choyendetsa browser poyesa website) ikulowa bwinobwino mu akaunti, koma akaitana document.cookie ya JavaScript, session cookie (kachizindikiro kamene browser imasunga kuti server ikudziweni mukalowa) sikuoneka, ndiye mnzawo kuntchito wawauza ati angochotsa flag ya HttpOnly pa cookie basi nkhani ithe.

Alongo, mnzanuyo ndamudziwa ngakhale sitinakumanepo, chifukwa ndinagwirapo ntchito ndi wina wotero pa kampani ina kufupi ndi Cairo Road, timapanga website yolipirira ndi mobile money. Lachisanu madzulo, magetsi apita, genset ikulira panja mpaka simukumvana, test yofiira (yalephera), kasitomala akuimba foni. Bwana anaimirira kumbuyo kwa mpando wanga, makiyi a galimoto kale mmanja, ati chotsani chabe tidzabwezera Lolemba. Ndinakana, tinakangana mpaka alonda anabwera kudzafunsa ngati atseke geti. Ndipo lero ndikunena mosabisa, munthu amene amafooketsa app kuti test ioneke yobiriwira sayenera kupatsidwa mphamvu ya merge, yolowetsa code yake mu code yaikulu ya timu. Kuli ngati kuzula chitseko cha nyumba kuti landilodi aone mkati.

HttpOnly anaiyambitsa a Microsoft mu 2002 pa Internet Explorer 6 SP1, ntchito yake ndi imodzi, kuti JavaScript isawerenge cookie, ndiye wakuba akalowetsa script yake mu tsamba lanu (imene amati XSS) asatenge session ya munthu. Manje document.cookie ndi JavaScript yomweyo. Ikabwera yopanda kanthu ndiye kuti developer wanu wagwira ntchito yake, mugulireni Fanta.

Chimene chimandinyasa nchakuti anthu amayesa chabe kuti cookie ilipo, za ma flag ake alibe nazo ntchito. Kuyambira Chrome 80 mu 2020, cookie yopanda SameSite (flag yonena ngati cookie itumizidwe request ikachokera ku site ina) imatengedwa ngati ili pa Lax, ndiye tsamba lolipirira likamubweza kasitomala kwa inu ndi POST kuchokera ku domain ina, cookie siitumizidwa, munthu walipira ndalama zake koma akupezeka pa login. Pa localhost, poyesa pa kompyuta yanu, izi simungazione msanga, mumazimvera kwa kasitomala wokwiya pa WhatsApp.

Manje chochita

Funsani driver, mbali ya Selenium imene imayendetsa browser, osati tsamba. Mu Python ndi driver.get_cookie ndi dzina la cookie, imabweza ngakhale za HttpOnly, ndipo pomwepo yesani kuti httpOnly ndi secure zili True, sameSite ndi imene munagwirizana. Pa zida zina zoyesera, mu Playwright ndi context.cookies(), mu Cypress cy.getCookie(). Mukafuna kulumpha login ndi add_cookie, yambani mwatsegula tsamba lililonse la domain imeneyo, mukapanda kutero Selenium ikuponyerani InvalidCookieDomainException. Yesaninso logout, mubwezere cookie yakale muone ngati server ikuikana. Ndipo value ya session musaisindikize mu ma log a CI (server yoyendetsa ma test payokha), aliyense wa mu timu amawerenga mmenemo.