Pitani ku Burns Night ya gulu lanu, shuga asakutsekereni m'nyumba

Achemwali, mwati gulu lanu la odwala shuga ku Glasgow likukonza Burns Night ndiye mukukayika zopita poti simudziwa zomwe zimachitika komanso mukuopa zakudya zake. Ine ndikuti pitani ndithu. Nanenso shuga ndili naye wa type 2, ndimamwa metformin ndi gliclazide, ndipo gulu lathu limapanga mwambowu chaka ndi chaka mu holo ya tchalitchi.

Pa 25 January anthu a kuno ku Scotland amakumbukira Robert Burns, mlakatuli wawo amene anabadwa tsiku limeneli mu 1759 ku Alloway. Anamwalira akadali wamng'ono, zaka 37 zokha, mu 1796, anzake nkuyamba kukumana kudya pomukumbukira mu 1801, mpaka lero sanasiye. Azigogo amene masiku onse mumawaona atadzikuta majekete tsikulo amatchena ma kilt, zovala zawo za amuna zonga siketi, ndipo haggis, chakudya chachikulu cha mwambowu, imalowa mu holo ngati mkwatibwi, woyimba bagpipes patsogolo wophika pambuyo atanyamula mbale, anthu onse ataimirira kuwomba m'manja, kenako wina amailakatulira ndakatulo nkuing'amba ndi mpeni nthunzi kuti fuu. Amalakatula mu chi Scots ndiye zambiri simuzimva, musadandaule, mumve kukoma kwa mawu basi.

Haggis musaiope, ife tinakulira zam'kati za mbuzi. Ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogaya nkusakaniza ndi oats, anyezi, mafuta a nyama ndi tsabola. Vuto lake ndi mchere ndi mafuta, ndiye ngati mulinso ndi BP tengani pang'ono. Iliponso ya zamasamba ya nyemba kwa osadya nyama. Chimene chimakweza shuga msanga pa mbale ija ndi tatties, mbatatesi zoponda zija, ine ndimaika kasupuni kamodzi nkuchulutsa neeps, ndi mzu wachikasu umene amauphika nkuuponda ngati maungu. Pamapeto kumabwera cranachan, muli kirimu, uchi, oats ndi ma raspberry, koma poti ndi gulu la odwala shuga nthawi zambiri okonza amachepetsa uchi kapena amaika zipatso. Afunseni kukadali masiku, sakhumudwa.

Pa whisky pokhapa mundimvetsetse. Amakweza matambula kangapo usiku umenewo, ndipo kwa ife omwa gliclazide kapena obaya insulin mowa umatha kugwetsa shuga, osati nthawi yomweyo yokha ayi, ngakhale pakati pa usiku muli mtulo, chifukwa chiwindi chimatanganidwa ndi mowa nkuleka kutulutsa shuga m'magazi. Chaka changa choyamba ndinadya pang'ono masana kuti ndisungire malo chakudya chamadzulo, ndinamwa katambula kamodzi, kenako ceilidh, gule wawo wogwirana manja kuzungulirazungulira uja, ndinavina mpaka thukuta. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzuka manja akunjenjemera malaya ali chinyowere, kuyeza shuga watsika kwambiri, ali pansi pa 4. Ndinachita mantha kwambiri. Ndiye musadumphe chakudya chamasana, tengani kamakina koyezera ndi maswiti kapena ma glucose tablet m'chikwama, muyezenso musanagone. Tambula mutha kukweza ya madzi kapena Irn-Bru, chakumwa chawo choziziritsa kukhosi, wopanda shuga, palibe amene akuyang'aneni, theka la gulu lathu limatero. Ngati mumabaya insulin lankhulani ndi a nesi anu a shuga sabata imeneyo isanafike.

Koma chimene ndikulimbikira kuti mupite si chakudya. January kuno mukumudziwa, 5 koloko isanakwane kunja kwada bii, kuzizira, munthu umangochoka ku shifiti kulowa m'nyumba, matenda nkumakula mumtima uli wekhawekha. Pa Burns Night yanga yoyamba ija ndinakhala tebulo limodzi ndi abambo ena achikulire amene shuga anawadulitsa zala ziwiri zakuphazi, anatulutsa kamakina kawo patebulo pomwepo nkudziboola chala opanda manyazi, ine ndinali ndisanayezepo pamaso pa anthu, ndinkathawira ku toileti. Nanenso ndinatulutsa kanga. Atandifunsa kwathu ndinati Blantyre, iwo kusangalala kwake, akuti Blantyre winanso ali pompano pafupi ndi Glasgow komwe anabadwira David Livingstone mu 1813, tinacheza mpaka mbale kuzizira. Pano ndi amene amandiimbira foni ndikajomba ku gulu.

Pomaliza amaimirira mozungulira kugwirana manja nkuyimba Auld Lang Syne, nyimbo imene mawu ake anawalemba ndi kuwasonkhanitsa ndi Burns yemweyo, chuni chake mukuchidziwa kale. Valani nsapato zofewa zosapana mapazi, ndipo ngati mulibe cha tartan, nsalu yawo ya mizere yopingasana ija, chitenje chanu chikwana, ine ndimavala changa.