Kodi kulankhula mu foni n'kusunganso dayale?

Mayi ena a ku Namwera anditumizira imelo yaifupi. Akuti anagula makope atatu oti azilembamo za moyo wawo, koma onse anathera patsamba lachiwiri, ndipo akufunsa ngati kujambula mawu awo mu foni kuli kusunga dayale kapena ndi ulesi chabe. Mayi, liwu loti ulesilo landikhudza, chifukwa inenso ndinadzitcha waulesi kwa zaka zambiri.

Ndikagwira cholembera, dzanja langa limakumbukira aphunzitsi amene ankatilembetsa chimangirizo ku pulayimale. Ndimayamba kusankha mawu ndi kuopa kulakwitsa kalembedwe, moti zimene zimatsala papepala zimakhala ngati lipoti lopita kwa ahedi. Komanso pakamwa panga Chichewa ndi Chiyao zimayendera limodzi, monga zilili ndi ambiri a ife kuno ku Mangochi, koma Chiyao sindinaphunzire kuchilemba, choncho theka la maganizo anga silinkafika m'kope.

Ndinayamba kujambula mawu chaka chimene bambo anga anamwalira. Madzulo alionse poweruka ndinkawoloka mlatho wa Bakili Muluzi wapansi, foni ili pafupi ndi pakamwa ngati ndikuimbira munthu, kuopa kuti a kabaza anganene kuti ndazungulira mutu. Pomvetsera pambuyo pake ndinapeza zinthu zimene sindikanazilemba: mphepo ya mwera ikuwomba pa Shire, kuitana kwa kumzikiti, ndiponso pamene ndinatchula dzina la bambo n'kukhala chete nthawi yaitali ndisanapitirize. M'kope ndikanalemba kuti ndinali ndi chisoni, n'kutseka. Lero ndimanena mosakayika kuti dayale ya pakamwa imanama pang'ono kuyerekeza ndi yolemba, popeza lilime silipeza mpata wofufuta ndi kukongoletsa. Ngakhale Thomas Edison, amene anapanga makina oyamba ojambula ndi kubwereza mawu mu 1877, analemba chaka chotsatira kuti ntchito imodzi ya makinawo idzakhala kusunga zonena ndi zikumbukiro za anthu a m'banja m'mawu awoawo. Amene amati izi n'zaulesi aiwala kuti agogo athu anasunga mbiri ya mafuko athunthu popanda inki.

Koma sindingakubiseni zimene zinandigwera. Foni ija inasiya kuyaka, ndipo ndinaipereka kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika. Anaikonzadi, koma anafufuta zonse zimene zinali m'kati, ndipo zojambula za zaka ziwiri zinapita tsiku limodzi, kuphatikizapo za pamlatho zija. Ndinamukalipira, ngakhale kuti wolakwa kwambiri ndinali ine, chifukwa sindinazikopere pena paliponse. Kope likanyowa umaliyanika padzuwa n'kuwerengabe. Foni ilibe chifundo chotero. Vuto lina ndi lakuti mawu sungawayendetse maso monga umachitira ndi tsamba: zimene unalankhula mphindi 10 zimafunanso mphindi 10 kuti uzimve, ndipo ukafuna tsiku limene unakangana ndi mlamu wako umafufuza mpaka kutopa. Mapulogalamu osandutsa mawu kukhala zilembo ndinawayesa, koma Chichewa changa chosakaniza ndi Chiyao amachisandutsa zinthu zosamveka. Palinso ana, amene amabwereka foni kuti asewere gemu, ndipo chala chimodzi chikhoza kuulutsa zinsinsi zanu pabwalo pamene alendo akudya nsima.

Tsono muchite chiyani?

Jambulani, mayi, ndipo musachite manyazi. Nthawi zonse muziyamba ndi kutchula tsiku ndi malo, musapitirire mphindi zisanu, ndipo fayiloyo muziipatsa dzina la deti ndi mawu awiri onena nkhani yake. Mphindi imodzi ya mawu nthawi zambiri imatenga pafupifupi megabaiti imodzi kapena kucheperapo, choncho memori khadi yaing'ono ikukwanirani chaka chonse, koma Loweruka lililonse muzikopera zonse pamalo achiwiri, ndipo foni muiike loko. Makope atatu aja musawataye; limodzi mulisandutse mlozo, mzere umodzi pa chojambula chilichonse, monga momwe langa lilili panopa, limene mzere wake wadzulo ukungoti: mtengo wa usipa, ndi maloto a bambo.