Zosungunula sinowo ndi jeti yopanga nokha

Achimwene, mwafunsa ngati mungapange injini ya jeti kuchokera ku turbo ya thiraki yakale kuti muzisungunulira sinowo pakhomo panu kuno ku Edmonton. Injiniyo itheka ndithu, koma ntchito mukuifunirayo siigwira, ndipo ndikuopa mungavulale nayo.

Kupanga kokha anthu amapanga. Amawotcherera chitini chachitsulo pakati pa mbali yokoka mpweya ndi mbali ya turbine, mkatimo amaikamo paipi yoboolaboola momwe moto umayakira, gasi wa propane, pulagi yoyatsira, kenako pampu ya oyilo yakeyake chifukwa mabering'i akangouma masekondi ochepa basi turbo yapita. Poliza amaiuzira ndi leaf blower mpaka iyambe kuzungulira yokha. Inu poti ndinu makaniko izi sizingakuvuteni.

Nkhani ili pa sinowoyo. Kilo imodzi ya ayisi kuti isanduke madzi imafuna kutentha kokwana 334 kJ, ndipo apo ndiye kuti yafika kale pa 0. Tiyerekeze driveway yanu ndi 50 square metres, kwagwa 20 cm, imeneyo ndi pafupifupi tani imodzi. Propane kilo imodzi imapereka pafupifupi 46 MJ, kapena kuti 46,000 kJ, ndiye mukufunika makilo oposa 7, kutanthauza silinda ija ya 9 kg yowotchera nyama pafupifupi yonse, ndipotu apa tikuwerenga ngati kutentha konse kukulowa mu sinowo pomwe jeti imangotaya kwambiri kumwamba, mpweya umadutsa mwaliwiro osapeza mpata wosungunula kanthu. Zoona zake mudzawotcha masilinda angapo pa kugwa kumodzi kokha.

Mwina munaona mavidiyo a ku Russia, amamangirira injini ya VK-1 yochokera mu ndege za MiG-15 pa thiraki nkumayeretsa mabwalo a ndege. Ku Boston nako a MBTA, oyendetsa sitima ndi mabasi mumzindawo, anagwiritsa ntchito yawo yotchedwa Snowzilla panjanji ya Mattapan mu 2015 sinowo itavuta zedi. Koma onetsetsani bwino mavidiyowo, makinawo kwambiri amachita kuulutsa sinowo ndi mphepo, kusungunula nkochepa, komanso amagwira malo opanda nyumba pafupi. Panu ndiye timiyala tidzathera pa mawindo a aneba ndi magalimoto awo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madziwo. Mwasungunula, chabwino, apita kuti? Kunja kuli -25, madziwo akangoyenderera pa sidewalk amaundana pompo nkukhala ayisi wosaoneka uja, munthu akubwera ndi majumbo ake m'manja sadziwa mpaka atagwa chagada, ndipo agogo akathyoka chiuno pamenepo mlandu ndi wanu. Malamulo a mzinda uno amafuna kuti sidewalk ya kutsogolo kwanu ikhale yopanda sinowo komanso ayisi. Mchere wamba nawonso kukazizira kupitirira -10 sugwiranso bwino, nchifukwa chake kuno timadalira mchenga.

Ndiye chitetezo chanu inuyo. Kawilo ka turbine kamazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi kali psuu ndi moto, kakasweka zidutswa zake zimatha kuboola chitsulo. Phokoso lake limawononga makutu. Chonde chonde musayerekeze kuiyatsira mu garaja pothawa kuzizira, utsi wa carbon monoxide sununkha, munthu amangofooka nkugona osadzukanso.

Ine ndikuti sakani snowblower ya two-stage yakale pa misika ya pa intaneti ya Kijiji kapena Marketplace, zambiri amazigulitsa motchipa chifukwa kabyuleta yatsekeka ndi petulo wokhalitsa, inu mungaikonze Loweruka limodzi. Sinowo muzichotsa isanapondedwe ikadali yopepuka. Ngati mtima uli pa jetiyo basi, ipangeni nyengo yotentha kumalo kopanda anthu, muikepo geji ya kutentha kwa ekizozi ndi switch yotseka gasi oyilo akangotsika presha, mahedifoni otchinga makutu ndi chozimitsira moto zikhale pafupi, ndipo musaime m'mbali mwa turbine ikamalira.