Chilala chakale chinasiya chizindikiro mu DNA ya udzudzu

Mwafunsa kuti nyengo ya zaka masauzande zapitazo ingaoneke bwanji mu DNA (malangizo a chibadwa a m'maselo) ya udzudzu wa lero. Tengani Aedes aegypti, wamizere yoyera m'miyendo uja, wofalitsa dengue ndi yellow fever, osati malungo.

Kwawo ndi mu Africa muno, ndipo wambiri umaikira mazira m'mphako za mitengo n'kumaluma nyama iliyonse. Pakati pa zaka pafupifupi 15,000 ndi 5,000 zapitazo, Sahara inali ndi msipu ndi nyanja. Mvula itachepa, ku Sahel, dera la kum'mwera kwa Sahara, chilimwe chinatalika, mphako n'kumauma miyezi yambiri. Madzi osaphwa anatsala m'mitsuko ya anthu basi. Udzudzu wotsata fungo la munthu ndiwo unaswana kwambiri, chibadwa chake n'kuchuluka.

Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Princeton ku United States anafalitsa zotsatira za mazira otoledwa m'malo 27 mu Africa. Wokonda munthu kwambiri unapezeka kouma ndi kothithikana anthu, monga Ngoye ndi Thiès ku Senegal. Mu 2023 anawerengera kuti unapatukana ndi wam'tchire zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

Koma DNA payokha sitchula chaka. Imaonetsa kusiyana kwa magulu awiri, ndiye pamafunika chochitika chodziwika chopimira. Ofufuzawo anatenga kuwoloka kwa udzudzuwu kupita ku America m'zombo za akapolo, zaka pafupifupi 500 zapitazo. Mukaphonya chiwerengero cha mibadwo pa chaka, zaka zonse zimasokonekera.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi potola udzudzu woti aupime. Mphutsi zambiri za mumtsuko umodzi zimatha kukhala za mayi mmodzi, choncho zingakunamizeni kuti gulu lonse n'lofanana. Tcherani timakapu toikira mazira tambiri motalikirana, ndipo pakapu iliyonse mutengepo udzudzu umodzi. Musadalirenso kachigawo ka DNA ya mu mitochondria (tizigawo topanga mphamvu m'maselo) kotchedwa COI kokha: kamatsata mzere wa amayi wokha, komanso mu Aedes aegypti muli zidutswa zake zakale zimene zinalowa mu DNA yaikulu ya pakati pa selo, zooneka ngati mzere wina pamene si choncho.

China chosocheretsa ndi mankhwala ophera udzudzu. Pozungulira gene (kachigawo ka DNA) ya Vgsc, imene kusintha kwake kumapereka mphamvu yopirira mankhwala a DDT ndi ma pyrethroid, kusiyana kumachepa m'zaka zochepa chabe, ndipo wosasamala angati ndi chilala chakale chinapulula gululo. Chigawo chimenecho muzichichotsa musanayambe kuwerengera.