Kwa a Sisita ofuna kukaphunzitsa unamwino ku Sierra Leone

A Sisita, funso lanu ndaliwerenga kawiri dzulo usiku ndili pakhonde kuno ku Chilenje, magetsi atathima. Mwati mwakhala mukuphunzitsa unamwino muno mu Lusaka kwa zaka zingapo, ndipo bungwe lina lakuitanani kuti mukadzipereke chaka chathunthu ku Sierra Leone, kukaphunzitsa aphunzitsi a unamwino pamodzi ndi ana awo asukulu. Mwatinso mtima uli pawiri, chifukwa ana anu akadali pasukulu, komanso mukuopa kuti mwina mukangotayako chaka osasiyako kanthu. Ine ndinapita dziko lomwelo Ebola itangotha kumene, ndipo ndinakhalako pafupifupi chaka pa koleji ina ya kumpoto. Ndikuti pitani. Koma musanavomere, bungwelo likuuzeni dzina la mphunzitsi wa komweko amene mudzagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati dzinalo palibe, musasaine.

Kusowa kwa anthu kumeneko ndi kwenikweni. Ebola ya 2014 mpaka 2016 inapha anthu oposa 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, ndipo mwa iwo ogwira ntchito zachipatala anali oposa 500. Inu mukudziwa kuti sisita wamkulu akamwalira, wodi sikuti yangotaya manja awiri ayi. Yataya munthu amene ankaimirira kumbuyo kwa mwana wasukulu n'kumuuza kuti singano igwire chonchi, mtsempha usaufune pamenepo. Pamwamba pa izo, kuyambira 2010 amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 5 amalandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, choncho odwala amabwera ochuluka pomwe owasamalira ndi ochepa. Lipoti la 2020 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linati dziko lonse lapansi linkapereweredwa anamwino 5.9 miliyoni, ndipo mbali yaikulu ya kuperewerako ili m'maiko onga athu ano. Tsono musakayike zoti mukufunika.

Chovuta n'chakuti malo osowa anthu amameza mlendo. Sabata yoyamba anandilandira ndi manja awiri, yachiwiri ndinapeza dzina langa lili pa taimutebulo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinakondwa, ndinkaona ngati ndicho chimene ndinabwerera. Ndinaphunzitsa miyezi itatu osapuma, ana asukulu akundikonda, mayeso akukhoza. Tsiku lina malungo anandigwetsa ndipo ndinagona masiku asanu. Nditadzuka ndinapeza kuti makalasi anga onse anangokhala, palibe amene analowamo. Panalibe wolakwa. Aphunzitsi anzanga anali ataona kuti katundu wapeza womusenza, iwo n'kuthamangira ntchito zina zimene zinali kuwadikira kalekale. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndikadzakwera ndege, zidzakhala monga masiku asanu aja, kungoti mpaka kalekale. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mukapita mukudziwa kale tsiku lobwerera, ndiye phunziro lililonse limene mungaphunzitse muli nokha m'kalasi lidzabwerera nanu ku Lusaka m'chikwama.

Nditachira tinagwirizana ndi aprinsipo kuti sindilowanso m'kalasi ndekha. Anandipatsa mphunzitsi wachitsikana, mzamba waluso kwambiri pa wodi koma wamantha pa bolodi. Tinkakonza phunziro limodzi madzulo. Poyamba ndinkaphunzitsa ine iye akuonerera, kenaka tinkagawana pakati, pomaliza iye yekha ine nditakhala pa benchi ya kumbuyo. Kukhala pa benchi imeneyo n'kovuta kuposa kuphunzitsa, a Sisita. Umamva mnzako walumpha mfundo, lilime n'kumayabwa, koma ukangolankhula pamaso pa ana wamuvula ulemu ndipo mawa sadzaimanso. Ndinkalemba pakapepala, tikakambirana awiri chitseko chili chotseka.

Pa koleji ija panali chipinda chophunzirira ntchito ya manja chimene chinkakhala chokhoma. Nditapempha kiyi ndinadikira masabata awiri. Atatsegula ndinapeza makatoni a zidole zophunzitsira, ena tepi yake isanadulidwe n'komwe, fumbi lili tho pamwamba. Zinali mphatso za alendo ena amene anabwera, kujambulitsa, n'kupita. Bambo wosunga kiyi sankachita nkhanza, ankaopa kuti chidole chikawonongeka adzamudula malipiro. Tinakhala pansi ndi aprinsipo, tinatsegula buku losainira, ndipo iwo ananena pamaso pa onse kuti chidole chong'ambika pophunzira si mlandu. M'katoni ina munali NeoNatalie, kachidole ka khanda kamene umathiramo madzi kuti kalemere ngati mwana weniweni, kophunzitsira Helping Babies Breathe, njira ija yothandiza khanda lobadwa kumene kuyamba kupuma, inayamba mu 2010, imene ifenso timaigwiritsa ntchito kuno. Mnzanga uja anakadzaza madzi ofunda, n'kukapatsa mtsikana wa chaka chachiwiri kuti, "Wabadwa, sakulira, yamba." Mtsikanayo manja ankanjenjemera, masiki anaiika mozondoka, mpweya ukuthawira m'mbali, chifuwa cha chidole chili duu. Mnzangayo sanamulande. Anangomugwira dzanja, kumuwongolera chibwano cha khandalo pang'ono, n'kuti afinyenso. Chifuwa chinakwera. Anabwereza mpaka aliyense m'kalasimo atatha kupukuta mwana, kumusisita pamsana ndi kuyamba kumupumitsa mphindi imodzi isanathe. Ine tsiku limenelo sindinakhudze chidolecho, ndipo mpaka lero ndi tsiku limene ndimalikumbuka koposa ena onse.

Manotsi anu a kuno tengani, koma musakawatsegule mwezi woyamba. Ana aja adzalemba mayeso a bungwe loyang'anira anamwino la dziko lawo, osati a Nursing and Midwifery Council of Zambia (NMCZ), ndiye pemphani silabasi yawo ndi mapepala a mayeso akale, muwawerenge ngati ndinu wophunzira. Pitani pa wodi mukaone mankhwala amene alipodi m'kabati ndi zida zimene zikugwira. Kuphunzitsa makina amene chipatala chilibe n'kunamiza ana. Pali matenda amene ife sitinawazolowere, monga Lassa fever, amene amafala kuchokera ku makoswe ndipo amapezeka kwambiri cha ku Kenema. Pa zimenezo iwo ndiwo aphunzitsi anu. Ndipo pa nkhani ya kusamba m'manja ndi kuvala zodzitetezera, mudzapeza anamwino amene anaika anzawo m'manda chifukwa cha gulovu imodzi yong'ambika. Musakawalalikire. Afunseni akuuzeni, ngati mtima wawo ungalole.

Palinso nkhani imene pamafunika kudekha. Amayi ambiri kumeneko anadulidwa kumaliseche pa mwambo wa chinamwali chawo, ndipo zimenezi zimakhudza ubereki. Monga mzamba muyenera kuphunzitsa zoona zake: zipsera, kung'ambika pochira, kutaya magazi. Koma ena mwa atsikana okhala patsogolo panuwo anapyola momwemo. Ife a kum'mawa tikudziwa mmene zimapwetekera mlendo akamanyoza za kudambwe kapena za kutsimba asakudziwa kanthu. Ine phunziro limenelo ndinapempha mzamba wamkulu wa komweko kuti alitsogolere, ndipo ana anamasuka kufunsa zimene kwa ine sakanafunsa.

M'kalasi ndi Chingerezi, koma pa wodi ndi Krio, ndipo kumpoto mudzamvanso Temne, kumwera Mende. Zili ngati pa UTH, chipatala chachikulu chophunzitsira muno mu Lusaka, pomwe lekichala ndi ya Chingerezi koma gogo wogona pabediyo akudandaula m'Chinyanja kapena m'Chibemba. Phunzirani moni msanga. "Kushe" ndi "Aw di bodi?" zinanditsegulira zitseko zimene satifiketi yanga sikanatsegula.

Chimodzi chinandilasa mtima, ndipo ndikufuna mukafike mukuchidziwa. Mawu oti volontiya kumeneko amanenanso namwino amene anamaliza sukulu, akugwira ntchito m'chipatala cha boma, koma sanalowe pa malipiro. Amati akudikira pin code, nambala yolowera pa malipiro a boma. Ena amadikira zaka. Ife sitingadabwe, poti kunonso ana athu ambiri ankagwira ntchito ulele m'makiliniki mpaka boma litalemba ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ndipo ena akudikirabe. Tsono inu mudzatchedwa volontiya muli ndi nyumba, alawansi ndi inshuwalansi, pomwe amene mukumupempha kuti ayang'anire ana asukulu pa wodi nayenso ndi volontiya amene wabwera wapansi osadya kanthu. Akachedwa kapena akapanda kubwera pa maphunziro anu a Loweruka, musathamangire kunena kuti alibe chidwi. Ikani maphunzirowo m'maola a ntchito, ndipo menyerani nkhondo ku bungwe lanu kuti pakhale thiransipoti ndi chakudya.

Za mapepala ndingodutsamo, poti ndinu munthu wa mu ntchito. Laisensi yanu ya NMCZ ikhale yamoyo chaka chonse chimene muli kunja, mutenge kalata yotsimikizira mbiri yanu ya ntchito, ndipo mukalembetse ku bungwe la anamwino la kumeneko musanakhudze wodwala. Kalata ya kupolisi, khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, katemera wa hepatitis B, mankhwala oteteza malungo ndi neti. Musati ndine wa ku Africa malungo andidziwa, ine anandigwetsa. Tchuthi chanu chikhale cholembedwa ndi chosainidwa, osati cha pakamwa, ndipo funsani bwino za penshoni yanu ku NAPSA ndi ngongole zimene amadula pa malipiro, chifukwa malipiro akaima ngongole siima. Mabungwe odziwika monga VSO, imene inayamba mu 1958, kapena UN Volunteers amalipira okha tikiti ndi zofunika pa moyo. Amene akukuuzani kuti mutumize ndalama kaye kuti akusungireni malo, muthaweni. M'kalata ya mgwirizano muyang'ane zinthu ziwiri zimene anthu amaziiwala: mukadwala kwambiri adzakutengerani kuti, ndipo kwanu kukagwa maliro tikiti adzagula ndani. Ulendo ndi wautali. Ine ndinadzera ku Nairobi ndi Accra, ndipo ukatera pa Lungi umawolokanso nyanja pa boti kuti ufike mu Freetown. Si ulendo woti uthamange usiku umodzi ngati wa ku Katete.

Za ana anu sindingakunamizeni kuti n'zopepuka. Wanga wotsiriza anali mu giredi 6, ndinamusiya ndi mng'ono wanga ku Kabwata. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye ndikamaweruka iye amakhala akudya mgonero, ndipo tinapangana kuti nthawi imeneyo ndi yathu tsiku lililonse, netiweki ikalola. Ngati wina mwa ana anu ali m'kalasi ya mayeso chaka chimenecho, pemphani bungwe likusunthireni ulendo. Koleji idzakufunanibe chaka chinacho. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba ndi achibale a mbali zonse ziwiri, aliyense adziwe udindo wake musananyamuke, kuti pasadzakhale woti munathawa ana.

Mukaona kuti chaka ku West Africa chakukulirani, musasinthanitse ndi maulendo a masabata awiri aja, amene amatha musanadziwe n'komwe maina a anzanu. Ganizirani za Malawi. Basi ya pa Intercity imakutulani ku Lilongwe kudzera ku Chipata ndi pa Mwami, chilankhulo ndi chathu chomwechi, ndipo kuli makoleji a mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo amene akhala akuphunzitsa anamwino kwa zaka zambiri. Nakonso muyenera kulembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo funso la mnzanu wogwira naye ntchito ndi lomwelo.

Koma ngati mtima wakhazikika pa Sierra Leone, longedzani. Ufa tengani pang'ono wa masiku a mphwayi, chifukwa kumeneko ndi mpunga m'mawa ndi madzulo, ndiwo yake masamba a chinangwa osinja ophikira mafuta ofiira a kanjedza ndi tsabola wambiri. Mvula yawo imagwa kuyambira May mpaka cha mu October, nthawi imene kuno kuli chisanu ndi fumbi, ndipo imagwa yoopsa, choncho mabuku muwakulunge m'mapulasitiki.

Bungwe likakupatsani dzina la mnzanu uja, muimbireni musanachoke mu Lusaka, mumufunse chimene akufuna kuti mumutengere. Ine sindinafunse, ndinanyamula mabuku olemera amene laibulale yawo inali nawo kale. Nditafika ndinapeza kuti ana ambiri alibe wotchi, akuwerenga kugunda kwa mtima ndi kupuma kwa wodwala mongoyerekeza. Mng'ono wanga ndiye anakagula timawotchi ta pachifuwa ku Kamwala n'kutitumiza ndi munthu wina amene amabwera. Onetsetsani kuti ndi tokhala ndi muvi wa masekondi, ndipo mugulire limodzi mabatire ake.