N'chifukwa chiyani Eni imagulitsa gawo la gasi amene yavutika kumupeza?

Wowerenga wina wanditumizira funso pa imelo: ngati kampani ya ku Italy ya Eni inapezadi gasi wochuluka kumpoto kwa Mozambique, inagulitsiranji gawo lalikulu kwa makampani ena? Iye akukayikira kuti mwina gasiyo ndi wochepa kusiyana ndi momwe analengezera.

Gasiyo alipo, ndipo ndi wambiri zedi. Kugulitsako ndi njira imene Eni inasankha mwadala. Kufufuza mafuta ndi gasi pansi pa nyanja kumadya ndalama zoopsa, chifukwa chitsime chimodzi chokha chimatha kumeza madola mamiliyoni ambiri kenako n'kupezeka chouma. Choncho Eni imalowa m'dera latsopano itatenga gawo lalikulu pamene mtengo udakali wotsika, ndipo ikapeza gasi imagulitsako gawo lina pa mtengo wokwera, m'malo modikira zaka zambiri kuti gasiyo afike pamsika.

Ndi mmene zinayendera ku Area 4, dera la panyanja lofufuzamo gasi m'chigawo cha Rovuma, kufupi ndi gombe la Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique. Pamene Eni inkapeza gasi pa malo otchedwa Mamba mu 2011, inali ndi magawo 70 pa 100 alionse. Mu 2013 inagulitsa magawo 20 kwa CNPC ya ku China pa madola mabiliyoni 4.2, ndipo mu 2017 ExxonMobil ya ku America inagula magawo 25 pa madola mabiliyoni 2.8. Dziwani kuti ndalama zonsezi zinalowa gasi asanayambe n'komwe kugulitsidwa. Makampani akuluakulu ngati amenewa satulutsa ndalama zotere akatswiri awo asanaunike zimene zili pansi, ndipo kwa ine umenewu ndi umboni wokwanira woyankha kukayika kwa wowerengayu. Ku Egypt zinachitikanso chimodzimodzi: itapeza gasi pa malo otchedwa Zohr mu 2015, Eni inagulitsako magawo kwa makampani a BP, Rosneft ndi Mubadala.

Chisankho china chimene chinaipindulira ndi chosadikira fakitale ya pamtunda. Inapangitsa ku South Korea chombo chachikulu chotchedwa Coral Sul, chimene chimayandama pamwamba pa zitsime, kuziziritsa gasi mpaka asanduke wamadzimadzi, n'kumuthira m'sitima zonyamula katundu pomwepo panyanja. Zigawenga zitathira nkhondo tauni ya Palma ku Cabo Delgado mu March 2021, kampani ya ku France ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake yomanga fakitale ya gasi ya pamtunda ku Afungi, pafupi ndi tauniyo, pamene Coral Sul, pokhala kutali ndi gombe, inatumiza katundu wake woyamba mu November 2022.

Kumene ndimakayika ine ndi kwina. Njirayi imateteza thumba la kampani, koma fakitale yopangidwira kunja ndi kuyandama pakati pa nyanja imalemba anthu ochepa a m'deralo, ndipo gasi yense wa Coral Sul anagulidwa kale ndi BP pa mgwirizano wa zaka zambiri. Boma la Mozambique limapeza msonkho komanso phindu la magawo 10 a kampani yake ya ENH, koma anthu a ku Cabo Delgado ambiri akuphikirabe nkhuni ndi makala.