Ngolo yakale ingasungire telesikopu? Kuyankha achimwene a kwa Mponda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a kwa Mponda, kufupi ndi pa boma pa Mangochi. Akuti mng'ono wawo amene ali ku Joni anawatumizira telesikopu ya galasi la mamilimita 150, ya miyendo itatu, yamtundu umene umafuna kuulozetsa bwino kum'mwera kuti uzitsata nyenyezi. Kuitulutsa ndi kuilowetsa usiku uliwonse kwawatopetsa. Kuseri kwa nyumba kuli ngolo yachitsulo yokoka ndi galimoto, imene malemu bambo awo ankanyamulira nsomba zouma kupita nazo ku Limbe, mamita 2.4 m'litali ndi 1.5 m'lifupi. Akufunsa ngati angaikonze kuti telesikopuyo izikhala momwemo, iwo azingotsegula denga.

Achimwene, zikomo polemba, ndipo ndakondwa kuti ngolo ya bambo simunaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. N'zotheka ndithu. Koma telesikopu isaime pa ngoloyo. Ngolo ikhale chovindikira chabe, telesikopu ikhale ndi chipilala chakechake chozikika m'nthaka, ndipo ziwirizi zisakhudzane paliponse.

Chifukwa chake n'chakuti telesikopu imakulitsa chilichonse, kuphatikizapo kugwedera. Ma telesikopu ambiri a msinkhu wa yanuyo amasonkhanitsa kuwala pa mtunda wa mamilimita 750, ndiye mukaika kagalasi koyang'anira ka mamilimita 10, chinthu chimakula ka 75. Kanjenjemera kamene phazi lanu silingakamve kamakulanso ka 75. Tsono ngolo anaipangira msewu: ili ndi matayala a mpweya ndi masipuling'i, zonsezo zinapangidwa kuti zizigwedera. Ine ndinaziona pa thandala la matabwa limene ndinakhoma kwathu. Usiku wina mu Julaye ndinali nditampeza Saturn, pulaneti ya mphete, ali bwinobwino, mphete yake ikuoneka ngati mkombero wa lichero lopendekeka. Ndinaitana mwana wa achemwali anga kuti adzaone. Atangoponda thabwa loyamba, Saturn anayamba kuvina n'kutuluka m'galasi. Mwanayo anaima chilili, kupuma komwe akuopa, koma ankangoona kadontho konjenjemera. Anabwerera m'nyumba osaona mphete, ndipo zinandipweteka mtima. Kuika jeke m'ngodya zinayi za ngolo kumachepetsako vutoli, koma sikulithetsa, poti inu mwini mudzakhala mukuyenda pa chitsulo chomwecho.

Palinso nkhani ya malo. Mamita 1.5 ndi ochepa. Chipilala chikakhala pakati, kumbali iliyonse kukutsalirani masentimita osakwana 70, ndipo telesikopu yamtunduwu imazungulira, kagalasi koyang'anira kamapezeka uku mawa uko. Muzidzagunda khoma ndi msana. Choncho ine sindikulimbikitsa denga lotsegula. Gwiritsani ntchito chimene ngolo ili nacho kale, matayala. Wowotcherera zitsulo adule mpata pansi pa ngoloyo kuyambira kumbuyo kulowa mkati, wotakata kuposa chipilala ndi masentimita 5 mbali iliyonse, n'kuimira asanafike pa chitsulo cholumikiza matayala. Pamwamba amange kanyumba ka malata ka chitseko kumbuyo. Madzulo mutsegula chitseko, mukoka ngolo ndi manja, telesikopu itsala yokha pabwalo, thambo lonse lili lanu. Mukamaliza mukankhira ngolo pamalo pake n'kukhoma loko. Mmisiriyo mumuuze kuti zitsulo zopingasa zimene wadula azibwezere mphamvu powotcherera zina m'mbali mwa mpatawo, apo ayi ngolo idzakhadzuka kumbuyo. Pansi muwake timizere tiwiri ta simenti toyendamo matayala, tosalala ndi tolingana, komanso poimira pake kuti ngolo isadzagunde chipilala mumdima.

Chipilalacho musachiumire. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, lakuya masentimita 80, ndipo ngati pakhomo panu pali mchenga wokhawokha monga malo ambiri a kufupi ndi Shire, pitirizani mpaka mupeze dothi lolimba. Imikani paipi ya pulasitiki ya mamilimita 200, muikemo zitsulo zinayi zochokera pansi pa dzenje, n'kuthira konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Konkire isanaume mizani mabauti atatu pamwamba, ogwira mbale yachitsulo yokhalapo mutu wa telesikopu, chija chimakhala pamwamba pa miyendo itatu n'kumazunguza telesikopuyo. Atatu, osati anayi, chifukwa ndi atatu n'kosavuta kuwongola mbaleyo ndi levulo. Kutalika kwake yezani pa miyendo itatu ija mmene mumaiimikira masiku onse. Thirirani madzi kwa sabata yathunthu, ndipo dziwani kuti konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Ndi kutentha kwa kuno, ikauma mofulumira imang'aluka.

Musanakumbe, khalani kaye pabwalopo usiku ungapo, chifukwa malo a chipilala ndiwo adzalamule zimene mudzaone kwa zaka zambiri. Mangochi ali pafupifupi madigiri 14 ndi theka kum'mwera kwa equator. Ndiye kuti pamene thambo lonse limazungulirapo, kum'mwera, pali madigiri 14 ndi theka okha kuchokera pansi. Tambasulani mkono mufumbate chibakera: chimaphimba madigiri pafupifupi 10, tsono malowo ali pa chibakera chimodzi ndi theka. Ndi pansi kwambiri. Mtengo wa mango wa mamita 10 uyenera kukhala patali mamita pafupifupi 40 kuti usakutchingireni. N'chifukwa chake ngolo muziikokera kumpoto. Ndikudziwa kuti mwera ukayamba kuomba mu Juni mudzalakalaka kuiika kum'mwera kuti ikutetezeni ku mphepo, koma kanyumba ka mamita 2 kataima mamita 3 kuchokera pa telesikopu kadzaphimba malo enieni amene mukuwafunawo. Kumpoto cha m'munsi kulibe zambiri zodandaula nazo. Mwezi ndi mapulaneti kuno zimadutsa pamwamba.

Ndipo kum'mwera n'kumene kuli chuma chathu. Kuyambira Epulo mpaka Juni, madzulo, nyenyezi zinayi za mtanda zimaima bwino, pambali pake pali nyenyezi ya Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumayenda zaka zoposa zinayi kuti kutipeze. Mu telesikopu yanu idzagawika n'kukhala ziwiri. Pamwamba pang'ono pali Omega Centauri, mulu wa nyenyezi zambirimbiri, imene ndi maso imaoneka ngati kadontho kofuwirira, koma m'galasi imakhala ngati mwakhuthula shuga pa nsalu yakuda. Anthu ambiri a ku Ulaya sanaionepo. Mu Julaye, pakati penipeni pa Mlalang'amba pamadutsa pafupi ndi liwombo. Cha mu Novembala kumatuluka timitambo tiwiri ta Magellan, timene ndi timilalang'amba tating'ono, kwinaku Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zikukwera kum'mawa, ngati mvula yalola.

Kuloza kum'mwera kwenikweni musadalire kampasi, ngakhale ya pa foni, chifukwa chitsulo cha ngolo ndi cha m'chipilala chidzaisokoneza. Nyenyezi yolozera kum'mwera, Sigma Octantis, ndi yofooka moti pansi pamenepo kuiona n'kovuta. Dzuwa ndi limene lingakuthandizeni. Imikani ndodo yowongoka pamalo osalala m'mwezi wa Juni kapena Julaye. Cha m'ma 9 koloko lembani pamene pathera chithunzithunzi chake, ndipo ndi chingwe jambulani mkombero wozungulira ndodoyo, wodutsa pamenepo. Masana dikirani mpaka chithunzithunzi chikhudzenso mkomberowo. Pakati pa zizindikiro ziwirizo, kuchokera pa ndodo, ndiko kum'mwera. Musadabwe kuona kuti chithunzithunzi chafupikitsitsa 12 koloko isanakwane: nthawi yathu anaiyezera pa mzere wa pa mapu wa madigiri 30 kum'mawa, pamene Mangochi ali pa 35, ndiye dzuwa limafika pamwamba penipeni pa ulendo wake mphindi pafupifupi 20 msanga.

Tsopano kutentha. Inu mukudziwa mmene malata amaotchera mu Okutobala. Telesikopu ikakhala m'ng'anjo tsiku lonse, galasi lake limatulutsa mpweya wotentha kwa nthawi yaitali, ndipo nyenyezi zimaoneka ngati zili pansi pa madzi oyenda. Pakani penti yoyera kunja konse, ikani siling'i ya mphasa kapena bango kunsi kwa malata, ndipo siyani mawindo awiri a mpweya, lina pansi lina pamwamba, otchinga ndi sefa kuti mavu, mileme ndi njoka zisalowe. Ngolo muziikoka dzuwa likangolowa, ola lathunthu musanayambe kuona. Mozungulira chipilala musawake simenti yambiri, imasunga kutentha mpaka pakati pa usiku. Kapinga kapena mchenga n'zabwino.

Chinyezi cha kunyanja ndi mdani wina, wakachetechete. Mame akagwera pagalasi musapukute ndi nsalu, mudzakanda. Lisiyeni liume lokha musanavindikire. Mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chotsani telesikopu muisunge m'nyumba pouma, chifukwa nkhungu ikamera pagalasi imadya chonyezimira chija ndipo kuno kulibe wochibwezera. Pachipilala patsale mutu wokha, wokutidwa. Matabwa aliwonse asakhudze nthaka chifukwa cha chiswe, ndipo dzimbiri la ngolo mulipale musanapake penti. Ngolo muimangenso ndi unyolo ku nkhokwe zachitsulo zozikika pansi, kuopa mphepo ya mkuntho ndi akuba omwe.

Magetsi safunika ambiri. Batire ya 12 V ndi kasola kamodzi padenga zikwanira. Nyale ikhale yofiira, ngakhale tochi wamba wokutidwa ndi pepala lofiira, poti maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima ndipo kuwala koyera kwa foni kumafafaniza zonsezo kamodzin'kamodzi. Valani zofika m'mapazi ndi m'manja, udzudzu wa kuno sufuna masewera. Miyezi yabwino kwambiri ndi Meyi, Juni ndi Julaye. Ikafika Ogasiti utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimayamba kuphimba m'munsi mwa thambo.

Chinthu china chimene simunafunse koma ndikuchitenga kukhala chachikulu: anthu oyandikana nawo. Munthu wokhala panja pakati pa usiku ndi chipaipi choloza kumwamba angathe kunenedwa zambiri, ndipo mphekesera zoterozo zapwetekesapo anthu osalakwa. Musanayambe kukumba kafotokozeni kwa amfumu. Usiku woyamba itanani akuluakulu a pafupi ndi ana awo, mwezi uli theka, pamene zigwa ndi mapiri ake zimaoneka bwino m'malire a mdima. Kenako muwaonetse Jupiter ndi miyezi yake inayi ikuluikulu, imene Galileo anaiona mu 1610 ndi kachipangizo kochepa kwambiri poyerekeza ndi kanu.

Ndipo posankha malo siyaninso kumadzulo kotseguka. Kuno kwathu anthu ambiri amadikira mwezi watsopano poyamba ndi pomaliza Ramadan, ndipo ndikukhulupirira kuti ashehe akamva za telesikopu yanu adzabwera. Kamwezi ka tsiku loyamba kamakhala pansi, pafupi ndi pamene dzuwa lalowera. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse: chivindikiro chisachoke pa telesikopu mpaka dzuwa litamira lonse. Galasi la mamilimita 150 litasonkhanitsa dzuwa m'diso la munthu limaliotcha asanaphethire, ndipo ana amathamangira kukasuzumira asanauzidwe. Masana ngolo izikhala yokhoma, kiyi ali m'thumba mwanu.

Mukapeza mmisiri, nditumizireni chithunzi cha kunsi kwa ngoloyo asanadule chilichonse, makamaka pamene pali chitsulo cha matayala, ndi muyezo wa kuchokera pamenepo kufika kumbuyo. Ngati mpatawo sukwana masentimita 90, tidzafunika kusuntha matayala kupita kutsogolo pang'ono.